Kulumikiza sola ku mawaya a m'nyumba: poyambira, potsatira ndi poyenera kusiyira amisiri

Panelo ya sola ilibe pozimitsira. Dzuwa likangoiomba, mawaya ake amakhala ndi mphamvu basi, kaya mwawalumikiza kaya angoti lende. Batire nalo limangokhala phee pakona ngati lopanda vuto, koma chitsulo chikakhudza mitu yake iwiri pakamodzi limalavula ma-amp mazanamazana m'kamphindi. Ine ndinaziona ndi maso tsiku lina ndikumanga nati ya pamutu wa batire. Sipanala inaterereka, mchira wake n'kugunda mutu winawo. Kunamveka kuti thwaa, kuwala kwabuluu kunandithobwa m'maso, ndipo pasipanalapo panatsala chibowo ngati chaluma khoswe. Mwayi wanga unali woti mphete ndinali nditavula. Chiyambire tsiku limenelo sipanala zanga ndimazikulunga tepi mpaka kumchira.

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Kuchokera pa panelo kufika pa batire ndi magetsi a DC, oyenda mbali imodzi yokha, ndipo pa sola yaing'ono ya 12V kapena 24V munthu wosamala angathe kuigwira yekha. Kuchokera pa inveta, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, kupita m'masoketi ndi magetsi a AC, osinthasintha mbali, a 230V m'maiko ambiri, omwe amapha mofanana ndi ochokera pa polo. Mbali yachiwiriyi ili ndi malo amene ndikuuzeni kuti muitane mmisiri wa ziphaso, ndipo si mwambo chabe.

Choyamba: werengerani musanagule kanthu

Tengani pepala. Lembani chilichonse chimene mukufuna chiziyaka, mawati ake, ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Mawati amalembedwa kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizocho. Chitsanzo: mababu 6 a 5W oyaka maola 5 ndi 150Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). TV ya 60W maola 4 ndi 240Wh. Laputopu ya 50W maola 3 ndi 150Wh. Mafoni anayi tingowapatsa 40Wh. Zonse pamodzi ndi 580Wh, tinene 600Wh pa tsiku.

Mphamvu ina imatayika m'mawaya, mu inveta ndi mu batire momwemo, choncho onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu, zikhale 800Wh. Ngakhale dzuwa limatuluka m'mawa n'kulowa madzulo, maola amene limaomba mwamphamvu ndithu ndi anayi kapena asanu m'madera otentha. Gawani 800 ndi 4, mupeza 200W. Ndiye kuti mapanelo awiri a 100W, kapena imodzi ya 200W.

Batire ndi pamene ambiri amadzinamiza. La 12V 100Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire) limasunga 1,200Wh papepala, ndiye kuti 12 kuchulukitsa ndi 100, koma ngati ndi la asidi, kaya lothira madzi kaya lomata la gel, musamalimwe kupyola theka. Mukamalikama mpaka kuuma tsiku lililonse, silikhalitsa. Pa chitsanzo chathuchi pakufunika la 150Ah, ndipo ngati mukufuna kupirira tsiku lamitambo, 200Ah kapena kuposerapo. La lithium la mtundu wa LiFePO4 limalola kumwedwa mpaka magawo 80 pa 100 kapena kupitirira, ndiye locheperako limakwanira.

Simbi, ketulo ndi mbaula yamagetsi musaziike pamndandandawu. Ketulo ya 2,000W imakoka ma-amp opitirira 160 ku batire la 12V. Sola ya kukula kumeneku si yake.

Chachiwiri: zida

Kupatula mapanelo, batire ndi inveta, pakufunika kontirola, imene ena amati legulita. Ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopyola. Ya PWM ndi yosavuta ndipo imayenda bwino ngati panelo ndi batire zili za mavoliti ofanana, monga panelo yolembedwa kuti ndi ya 12V pa batire la 12V. Ya MPPT imalandira mavoliti okwera n'kuwatsitsa popanda kutaya mphamvu yambiri, ndipo ndi imene imafunika mukagula mapanelo akuluakulu a 400W kapena 550W. Panelo yaikulu yotere mukaiika pa PWM ndi batire la 12V, mphamvu yake yoposa theka imangopita pachabe.

Yang'anani chikwangwani cha kumbuyo kwa panelo. Pali manambala awiri ofunika kwambiri. Voc ndi mavoliti amene panelo imatulutsa isanalumikizidwe ku chilichonse, ndipo pa ya 100W amakhala pafupifupi 22V. Isc ndi ma-amp ake ochuluka kwambiri, pafupifupi 6A. Mapanelo awiri olumikizidwa mofanana, pozitivu ku pozitivu ndi negativu ku negativu, amaphatikiza ma-amp: 12A. Wonjezerani kotala kuti pakhale mpata, ndi 15A, ndiye gulani kontirola ya 20A. Mukawalumikiza mondondozana, pozitivu ya iyi ku negativu ya inayo, amaphatikiza mavoliti: 44V. Nambala imeneyi isayandikire malire olembedwa pa kontirola, chifukwa m'mawa kukazizira mavoliti a panelo amakwera kuposa olembedwawo.

Zina zotsala: waya wa sola wa 4mm² kapena 6mm² wopirira dzuwa, zolumikizira mawaya a panelo zotchedwa MC4, mafyuzi kapena ma-breaker a DC (masiwichi odula okha magetsi akachuluka), malagi (tizitsulo ta kumapeto kwa mawaya), paipi yodutsitsamo mawaya, ndi multimeter, chida choyezera magetsi. Multimeter musaione ngati chida cha akatswiri okha. Popanda iyo mukugwira ntchito mutatsinzina.

Za breaker ndikhalepo pang'ono. Ya AC imene imaikidwa mu DB, bokosi logawira magetsi m'nyumba, si yoyenera ku mbali ya DC. Magetsi a AC a 50Hz amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse, choncho moto wolumpha pakati pa zitsulo zikamalekana umazima wokha. A DC sabwerera pa ziro. Motowo umangopitirira ngati wa makina owotcherera zitsulo, mpaka pulasitiki ya breaker kusungunuka. Gulani yolembedwa kuti DC, ya mavoliti oposa a sola yanu.

Chachitatu: padenga

Ngati muli kumwera kwa equator, panelo iyang'ane kumpoto. Ngati muli kumpoto kwake, iyang'ane kumwera. Ipendekeke madigiri osachepera 10 mpaka 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Musaigoneke pamalata penipeni. Siyani mpata wolowa dzanja kuti mpweya uzidutsa kunsi, popeza panelo ikatentha kupyola 25°C imataya pafupifupi 0.4 pa 100 ya mphamvu yake pa digiri iliyonse, ndipo malata masana mukuwadziwa.

Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa mmene umaonekera. Timabokosi ta mu panelo tinalumikizidwa mondondozana, ndiye nthambi imodzi kapena mlongoti wa eriyo ukaphimba pang'ono, gawo lonse limafooka. Imani pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo muone kumene mithunzi ikugwera musanaboole denga.

Kwerani m'mawa mame atauma, kopanda mphepo, wina akugwirirani makwerero. Panelo imagwira mphepo ngati chitseko. Pondani pamene pali mzere wa misomali, chifukwa pansi pake m'pamene pali mtengo. Ngati mawaya a kampani ya magetsi amadutsa pafupi ndi denga, samalani ndi felemu ya aluminiyamu ndi makwerero achitsulo. Mukamanga mapanelo, aphimbeni ndi katoni kapena bulangete lochindikala, ndipo ma-MC4 muwasiye osalumikiza mpaka nthawi yake itakwana.

Chachinayi: batire ndi fyuzi yake

Batire likhale pamalo ouma, ozizira, opita mphepo, kumene ana safikako. La asidi likamadzaza limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ukakumana ndi kamoto, choncho musaliike m'kabati yotseka, m'chipinda chogona, kapena pansi penipeni pa inveta. Musasutire fodya pafupi. Mitu yake muiphimbe.

Kenako fyuzi. Anthu amaganiza kuti fyuzi imateteza TV kapena inveta. Ayi, imateteza waya. Waya ukakhuzuka n'kuchita shoti, batire silidziwa kuleka. Limakankha mphamvu mpaka wayayo kufiira ngati khala, n'kuyatsa chilichonse chimene wagonapo. Ndiye waya uliwonse wochoka pa mutu wa pozitivu ukhale ndi fyuzi yakeyake, pafupi ndi batire kwambiri, osapyola kutalika kwa chikhatho. Wopita ku kontirola ya 20A muike fyuzi ya 25A, pa waya wa 6mm². Wopita ku inveta ya 500W umanyamula pafupifupi 50A, ndiye pakufunika waya wa 16mm² ndi fyuzi ya 60A. Inveta ya 1,000W pa 12V imafika pafupifupi 100A, ndipo waya wake ndi wa 35mm², wonenepa ngati chala. Mawaya amenewa akhale aafupi, mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ngati mukuona kuti mukufuna inveta yoposa pamenepa, samukirani ku 24V, ma-amp atsika ndi theka.

Fyuzi ikapsa, musamangepo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi. Yapsa chifukwa china chake chalakwika, ndipo chimenecho chikadalipo.

Kumapeto kwa waya kulikonse kukhale lagi yofinyidwa bwino ndi chida chake, osati kupotokola waya pa nati kapena kupanira ndi zopanira za mano a ng'ona. Polumikizira polobodoka pamatentha, ndipo moto wambiri wa sola umayambira pamalo otere.

Chachisanu: ndondomeko yolumikizira

Apa musadumphe kapena kusinthanitsa. Vulani mphete, wotchi ndi tcheni cha m'khosi. Valani magalasi oteteza maso.

Yambani ndi kumanga mawaya onse mafyuzi atachotsedwa ndipo ma-breaker ali otsitsa. Musanalowetse waya uliwonse mu kontirola, uyezeni ndi multimeter kuti mutsimikize pozitivu ndi negativu. Wofiira ndi pozitivu, wakuda ndi negativu, koma musakhulupirire mtundu wokha. Chikwangwani cha multimeter chikaonetsa kamzere kutsogolo kwa nambala, mwatembenuza.

Lumikizani batire ku kontirola poyamba. Kontirola zambiri zimazindikira ngati sola ndi ya 12V kapena 24V poona batire, ndipo zina zimapsa zikalandira mphamvu ya panelo batire palibe. Ikani fyuzi, kontirola iyake, musankhe mtundu wa batire lanu pa mabatani ake. Izi n'zofunika chifukwa la gel, lothira madzi ndi la lithium amadzazidwa pa mavoliti osiyana.

Kenako mapanelo. Vundukulani kwa kanthawi, yezani mavoliti pa mawaya otsika kudenga, muone ngati akugwirizana ndi Voc imene munawerengera. Lumikizani breaker ili yotsitsa, ndiyeno ikwezeni. Kontirola ionetse kuti ikutchaja.

Inveta ibwere pomaliza, ndipo ilumikizidwe ku batire mwachindunji kudzera pa fyuzi yake, osati pa timabowo ta kontirola tolembedwa kuti load. Timeneto ndi ta mababu a DC ndi tinthu ting'onoting'ono. Pomanga waya womaliza mungaone kamoto pang'ono, chifukwa ma-capacitor, tizida tosunga mphamvu ta mu inveta, akudzaza. Zimachitika, koma n'chifukwa chakenso waya womalizayo muzimangira ku inveta, osati pamwamba pa batire la asidi pamene pali mpweya uja.

Pomasula, bwererani chammbuyo: inveta, mapanelo, batire pomaliza. Ndipo MC4 musaizule mphamvu ikuyenda. Tsitsani kaye breaker.

Chachisanu ndi chimodzi: kulowa m'mawaya a nyumba

Pano m'pamene pagona nkhani. Pali njira imene imaoneka yanzeru: kutenga waya, kuika pulagi mbali zonse ziwiri, ina mu inveta ina mu soketi ya pakhoma, nyumba yonse n'kuwala. Ndinaupezapo waya wotere kunyumba kwa m'bale wanga, ataukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, pamene mwana wa zaka zisanu amafikira bwinobwino. Ndinaudula pakati pomwepo, ndipo sitinalankhulane bwino masiku angapo.

Zifukwa zake ndi zitatu. Pulagi ina ikalowa mu inveta, mano a inayo amakhala ndi 230V ali poyera. Chachiwiri, mukaiwala kutsitsa main switch, siwichi yaikulu ya nyumba, tsiku limodzi lokha, mphamvu yanu imatuluka kudzera pa mita kupita pa polo. Thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndiye 230V yanuyo ingaikweze kufika mavoliti masauzande pa mawaya amene wantchito wa kampani ya magetsi akuwagwira pokhulupirira kuti anazimitsa. Chachitatu, magetsi a kampani akabwerera n'kukumana ndi a inveta yanu, inveta imapsa nthawi yomweyo, mwinanso ndi moto.

Njira zabwino zilipo, malinga ndi nyumba yanu.

Yosavuta kwambiri ndi kusakhudza mawaya a nyumba n'komwe. Zipangizo zilowe m'masoketi a pa inveta, kapena mukhale ndi mzere wa mababu a 12V woyenda pawokha, wa mafyuzi akeake. Masoketi a DC asafanane ndi a AC, kuti wina asadzasokoneze.

Ngati nyumba ili ndi magetsi a kampani ndipo mukufuna sola izilowa m'mababu ndi masoketi omwewo, pakufunika changeover switch. Ili ndi malo atatu: kampani, pakati pozimitsa, ndi inveta. Inapangidwa mwakuti mbali ziwirizo sizingakumane ngakhale mutafuna, ndipo iyenera kudula mawaya onse awiri onyamula magetsi, live ndi neutral yomwe. Chanzeru ndi kupatula mizere yofunika yokha, monga mababu ndi masoketi a pabalaza, kuiika mu DB yaing'ono yapadera, changeover n'kukhala pakati. Mukatero giza ndi mbaula sizingagwere pa inveta mwangozi. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa ziphaso. Mkati mwa DB, mawaya ochokera ku mita amakhala amoyo ngakhale main switch mutaitsitsa, ndipo m'maiko ambiri lamulo silimalola munthu wamba kugwira pamenepo.

Palinso inveta zogwirira limodzi ndi magetsi a kampani, zotha kubweza mphamvu yotsala pa polo. Zimenezi zimazima zokha magetsi a kampani akathima, pofuna kuteteza antchito aja, ndipo kuziika kumafuna chilolezo cha kampaniyo. Si za kudzipangira nokha Loweruka masana.

Ngakhale mwaitana mmisiri, dziwani zomufunsa. Kodi kumbali ya inveta kuli RCD ya 30mA, imene ena amati earth leakage? Kachida kameneka kamayerekeza mphamvu yopita ndi yobwerera, ndipo ikasiyana, kutanthauza kuti ina yadutsa kwina, mwina m'thupi la munthu, kamadula msangamsanga. Breaker wamba ya 20A singakupulumutseni, chifukwa mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a amp imodzi ikadutsa pachifuwa ingasokoneze kugunda kwa mtima. Funso lachiwiri: kodi RCD imagwirabe ntchito nyumba ikakhala pa inveta? Kuti igwire, neutral ndi earth, waya wachitetezo wopita m'nthaka, ziyenera kulumikizana pamalo amodzi okha. Inveta zina zimachita zimenezi zokha, zina zimafuna mmisiri achite, ndipo zina zazing'ono zimapsa mukatero. Buku la inveta yanu ndi limene linganene. Muuzeni ayese inu mukuona, nyumba ili pa kampani, kenako ili pa inveta.

Earth ndi mphenzi

Mafelemu a mapanelo, zitsulo zowagwira ndi thupi la inveta zilumikizidwe ndi waya wa girini ndi chikasu kupita ku earth ya nyumba, yomwe imathera pa ndodo yokutidwa ndi kopa yokhomeredwa pansi. Paipi ya madzi musaidalire, masiku ano zambiri ndi zapulasitiki. Kumene kumagwa mphenzi kawirikawiri, ikani surge protector ya DC pa mawaya ochokera kudenga. Siingaimitse mphenzi yogwa padenga penipeni, koma imateteza ku mphamvu yobwera chifukwa cha yogwa pafupi, yomwe ndi imene imawotcha kontirola nthawi zambiri.

Musanagwire waya uliwonse

Zimitsani magwero onse. M'nyumba ya sola alipo atatu: kampani, mapanelo ndi batire. Kutsitsa main switch yokha sikutanthauza kuti soketi yafa, inveta ingakhale ikuidyetsabe. Matani chikwangwani pa DB chonena zimenezi, kuti wina wobwera m'mbuyo mwanu asadzadzidzimuke. Inveta mukaizimitsa idikireni mphindi zingapo, ndipo musaitsegule mkati.

Yesani multimeter yanu pamalo pamene mukudziwa kuti pali magetsi, kenako yezani waya mukufuna kugwirawo, kenako bwererani pamalo oyamba aja. Mwina inaonetsa ziro chifukwa batire lake latha. Manja akhale ouma, kuphazi kukhale nsapato za mphira, ndipo musagwire ntchitoyi muli nokha pakhomo.

Wina akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Zimitsani, kapena mukankheni ndi thabwa louma, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, popeza mtima ungasokonezeke pambuyo pake. Moto wa magetsi musauthire madzi, gwiritsani ntchito chozimitsira cha ufa kapena cha CO2. Asidi wa batire akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, ndiyeno kuchipatala.

Sabata yoyamba

Tsiku loyamba yatsani chinthu chimodzichimodzi, kuyambira babu. Ngati pali furiji, kumbukirani kuti injini yake ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa yolembedwa, ndipo imafuna inveta ya mtundu wa pure sine wave, imene magetsi ake amayenda mosalala ngati a kampani. Pa ya mtundu winawo, modified sine wave, injiniyo imalira ndi kutentha.

Zonse zikayaka kwa ola limodzi, yendetsani kuseri kwa dzanja pa chikopa cha mawaya a batire ndi pafupi ndi mafyuzi. Kufunda pang'ono si vuto. Pakatentha moti simungasiyepo dzanja, kapena mukamva fungo la pulasitiki, zimitsani: waya wachepa kapena nati yalobodoka. Patatha sabata zimitsani zonse, mumangenso manati onse, chifukwa kopa amakhazikika n'kusiya mpata.

M'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke, zinthu zonse zili zozimitsa, onani mavoliti a batire. La asidi lodzaza ndi lopuma limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likamafika cha pa 12.1V ndiye kuti lamwedwa theka. Mukamalipeza pansi pa 12V m'mawa uliwonse, bwererani ku pepala lija la poyamba, muchotsepo china kapena muwonjezere panelo.